AKUMBA FUPA PAMSONGOLO N'KUKALIIKA PAKAKOLO: KODI N'KUBA KAPENA N'KUCHIZA?

AZAKHALI anga adathawa m'chipatala usiku, ndodo m'khwapa, chitenje kumutu, kutangotsala maola ochepa kuti alowe ku fiyeta. Mpeni sadauope ayi, pakuti mayi amene adabereka ana asanu, awiri mwa iwo pa opaleshoni, mpeni adauzolowera. Chidawathamangitsa ndi mawu omwe dotolo adalankhula madzulo ake: ati pofuna kukonza pakakolo pawo pomwe padaphwanyika, ayamba wakumba kaye fupa pamsongolo, chakumunsi kwa bondo, n'kukaliika kuphaziko.

Kutacha nkhani idali mkamwamkamwa kumsika komwe azakhaliwo amagulitsa usipa ndi utaka. Mayi wa tomato adati mafupawo amakawagulitsa kunja. Mnyamata wa kaunjika adati mwendo ukachotsedwa fupa umafupika, munthu n'kumayenda chopendekera moyo wake wonse. Bambo wina wa malata ndi misomali adalumbira kuti msongolo wobooledwa umathyoka ngati bango. Onse adagwirizana chimodzi: azakhali achita bwino kuthawa.

Koma kodi adachitadi bwino? Kuthawa kumeneko kudawadyera miyezi 8 ya ululu komanso theka la mpamba wawo. N'chifukwa chake ndati nkhaniyi ndiitule pano, kuti inu a pamsika, amene chuma chanu chonse chili pa miyendo iwiri, mudziwe chomwe dotolo amatanthauza akanena mawu oopsawa.

Chiyambi cha mavuto

M'chaka cha 2022 azakhali adakwera kabaza wa njinga yamoto pochokera kokapikula nsomba, dengu pamiyendo. Pokhota, njinga idatsetsereka pamchenga ndipo phazi lawo lidapanikizika pansi pa injini. Kuchipatala adawajambula, adawakoka mwendo n'kuwaika chikhakha, n'kuwauza kuti asaponde ndipo abwerenso kudzajambulidwa.

Inu mukudziwa mmene geni imakhalira. Benchi ikakhala masabata atatu yopanda mwini, makasitomala amasamukira kwa mnzako. Ngongole ya kubanki m'khonde siidziwa zoti wathyoka. Pa sabata yachinayi azakhali adanyika chikhakha m'beseni la madzi, adachisenda ndi mpeni wa nsomba, n'kubwerera kumsika. Kumudzi adawatumizira mankhwala otemera ndi timitengo tomangira. Chaka chitatha phazi lidali litakhota, potupa posaphwa, ndipo poponda paliponse ankachita kuluma mlomo.

Atabwerera kuchipatala china chachikulu, chithunzi chidaonetsa kuti mafupa adapola mokhota, malo ena sadagwirane n'komwe, ndipo chichereche chomwe chimapangitsa mafupa kutsetsereka bwino polumikizana chidatha. Fupa linkakhulana ndi fupa linzake. Mankhwala ake adali amodzi: kuwotcherera pakakolopo kuti mafupawo asanduke limodzi. Ndipo pofuna kutseka mipata yomwe idatsala, pankafunika fupa lina loonjezera.

Mantha ali ndi pochokera

Tisawaseke anthu a pamsika aja. Dziko lino laona zoopsa. Kuyambira cha m'ma 2014 tamva za zigawenga zopha abale athu achialubino ndi kufukula manda awo pofuna mafupa, kaamba ka bodza loti mafupawo amabweretsa chuma. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zidavuta ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka anthu osalakwa adaphedwa. Ndiye munthu akamva zoti wina akufuna fupa lake, mtima umayamba wadumpha kaye, nzeru n'kubwera pambuyo.

Vuto lina n'lakuti madotolo ena amafotokoza ali chiimire, mawu atatu Chichewa, asanu Chizungu, mzere wa odwala uli mpaka pakhonde. Azakhali adangotolapo mawu awiri basi, "kuchotsa fupa". Akadafunsa, kapena akadapeza wowafotokozera modekha, bwenzi atagona pabedi pawo mpaka m'mawa. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Fupa ndi chinthu chamoyo

Ambirife timaganiza kuti fupa lili ngati mtengo wouma wa denga. Sichoncho. Fupa lili ndi mitsempha ya magazi, limadya, limakula ndipo limadzikonza lokha. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, ndipo phazi limodzi lokha lili ndi mafupa 26. Fupa likathyoka, magazi amaundana pothyokapo, kenako thupi limamanga kafupa kofewa komwe kamalimba pang'onopang'ono mpaka mbali ziwirizo zitagwirana.

Koma kuti zimenezi zitheke pamafunika zinthu zitatu: mbali zothyokazo zikhale zoyandikana, zisamagwedezeke, ndipo magazi azifikapo okwanira. Apa ndi pomwe phazi limavutira. Kumusiku nyama ndi yochepa, khungu lili pafupa penipeni. Fupa lomwe limakhala pakati pa msongolo ndi chidendene, lomwe madotolo amalitcha talus, mbali yake yaikulu ndi yokutidwa ndi chichereche, palibe mnofu ngakhale umodzi womwe udamera pa ilo, ndipo magazi amalifikira movutikira. Likaphwanyika limachedwa kupola, nthawi zina limafa kumene.

Palinso kafupa ka m'mbali mwa phazi, kolunjika ku chala chaching'ono, komwe kali ndi mbiri yokana kupola. Dotolo wina wa ku Britain, Robert Jones, adakathyola yekha akuvina, ndipo m'chaka cha 1902 adalemba za kuthyoka kwa mtunduwu. Mpaka lero amakutchula ndi dzina lake.

Pakatha miyezi 6 mpaka 9 fupa lisakuonetsa zogwirana, madotolo amadziwa kuti palokha silipolanso. Pamenepo ndi pomwe amaganiza zobweretsa fupa lina lamoyo kuti lidzadzutse ntchito yomwe idaima. Alimi a mango ndi malalanje amadziwa kumezanitsa: umadula kanthambi kamoyo, n'kukamangirira pa tsinde lina, ziwirizo n'kusanduka mtengo umodzi. Zamafupazi zili chimodzimodzi.

Bwanji osagula lina?

Fupa loonjezera lingachokere malo atatu. Likhoza kuchokera kwa munthu wina amene adamwalira atavomereza kupereka, ndipo maiko ena ali ndi nkhokwe zosungira mafupa otere. Likhoza kukhala lopanga kufakitale, looneka ngati timiyala ta choko. Kapena likhoza kuchokera m'thupi mwa wodwala mwini wakeyo.

Mwa zitatuzi, madotolo padziko lonse amayesabe zinazo poyerekeza ndi fupa la mwini wake. Chifukwa chake n'chakuti limabwera ndi zinthu zitatu nthawi imodzi. Choyamba, lili ndi timaselo tamoyo tomwe timapanga fupa latsopano, tinene kuti amisiri. Chachiwiri, lili ndi michere yomwe imaitana amisiri ena m'thupi kuti abwere kuntchito. Michere imeneyi adaitulukira ndi dotolo wa ku America, Marshall Urist, m'chaka cha 1965. Chachitatu, lili ndi timabowo ngati chisa cha njuchi momwe mitsempha ya magazi imayanga, n'kumamanga fupa latsopano. Fupa lochokera kwa womwalira amalitsuka ndi kuliumitsa kapena kuliika mufiriji, ndiye amisiri aja amakhala atafa. Lakufakitale nthawi zambiri limangopereka chisa chokhacho.

Kuonjezera apo, thupi silikana chinthu chake chomwe. Palibenso nkhawa yoti mutengera matenda a munthu wina. Ndipo kwa ife a dziko losauka pali mfundo ina yaikulu: fupa lanu simuliitanitsa kunja ndi ndalama zakunja. Zili ngati kuchotsa ndalama m'thumba lakumanzere n'kuika lakumanja m'malo mokatenga katapila.

Si zachilendo ayi

Wina angaganize kuti madotolo akuphunzirira pa ife. Ayi ndithu, nzeru imeneyi ndi yakale kuposa agogo athu. Buku la dotolo wa ku Amsterdam, Job van Meekeren, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1668, lidasimba nkhani ya msilikali wa ku Russia yemwe adamutseka bowo la m'mutu ndi fupa la galu. Nkhaniyo imati a mpingo adamudula chifukwa cha zimenezi, ndipo atapempha kuti alichotse, lidapezeka litagwirana kale. Mwaonatu, ngakhale Azungu adayamba ndi mantha.

Cha m'ma 1880 dotolo wa ku Glasgow, William Macewen, adamanganso fupa la mkono wa kamnyamata komwe matenda adakadya fupa, pogwiritsa ntchito tizidutswa ta msongolo tomwe adachotsa powongola miyendo ya matewe ya ana ena. Kenako m'chaka cha 1911, Fred Albee wa ku New York adayamba kudula kachidutswa ka msongolo wa wodwala mwini wake n'kukalimbitsira msana womwe udadyedwa ndi TB, ndipo mu 1915 adatulutsa buku lonse la maopaleshoni otere. Choncho msongolo wakhala ukubwereketsa fupa kwa zaka zoposa 100.

Mmene amachitira

Gwirani bondo lanu. Tsitsani zala pang'ono chakumunsi, mbali yakunja, mumva kachitunda ka fupa. Kachitunda kameneka kali ndi dzina la dotolo wa ku France, Gerdy, ndipo ndi amodzi mwa malo omwe madotolo amalowera. Ena amalowera mbali yam'kati. Msongolo ndi fupa lachiwiri kukula m'thupi, kuposedwa ndi la ntchafu lokha, ndipo mutu wake wakumtundawu ndi wotambalala. Kunja kwake kuli chikhokho cholimba, koma m'kati muli fupa lofewa la timabowo, longa lija timatafuna kumapeto kwa fupa la nkhuku.

Wodwala amabayidwa jakisoni wa pamsana, yemwe amayi obereka pa opaleshoni amamudziwa, kapena amagonekedwa tulo. Dotolo amacheka khungu pang'ono, kutalika kwake kosaposa chala. Amaboola kawindo kakang'ono pa chikhokho chija, n'kulowetsa kachitsulo konga kasupuni, n'kumakokota fupa lofewalo. Zomwe zimatuluka zimaoneka ngati nsinjiro zonyowa ndi magazi, masupuni ochepa chabe. Chikhokho chomwe chimanyamula thupi chimatsala chili chilili, n'chifukwa chake mwendo sufupika ngakhale pang'ono.

Nsinjirozo amaziika m'kambale, ndipo m'chipinda chomwecho, nthawi yomweyo, amazitsendera m'mipata ya pakakolo kapena paphazi atapala kaye chichereche chowonongeka chija. Akatero amamanga mafupawo ndi zitsulo kuti asagwedezeke, amasoka mabala onse awiri n'kuika chikhakha. Fupa silituluka pakhomo la fiyeta. Ulendo wake ndi wochoka pabondo kufika paphazi basi. Dzenje lotsala m'msongolo limadzaza ndi magazi, ndipo m'kupita kwa miyezi thupi limalikwirira pang'onopang'ono.

Nanga bwanji osatenga m'chiuno?

Kwa zaka zambiri malo otchuka otengapo fupa adali m'chiuno, pa fupa lija lomwe timagwira tikaima manja m'chiuno. Fupa la pamenepo ndi labwino zedi ndipo limapezeka lambiri. Koma odwala ambiri amadandaula kuti bala la m'chiuno limawawa kuposa pomwe adakonza penipenipo, ena mpaka miyezi. Pafupi pake pamadutsanso mtsempha womwe ukakhudzidwa, ntchafu imachita dzanzi. Taganizani mayi amene amamanga chitenje ndi kathumba ka ndalama pamalo omwewo tsiku lonse.

Ubwino wa msongolo ndi wakuti uli pa mwendo womwewo womwe ukukonzedwa. Dotolo satsuka malo awiri otalikirana, satembenuza wodwala, ndipo popeza mwendowo ukhala kale osaponda, mabala onse awiri amapolera limodzi. Madotolo omwe ayerekeza njira ziwirizi amapeza kuti ululu wa pamsongolo nthawi zambiri ndi wocheperapo ndipo umatha msanga. Pakafunika fupa lochepa kwambiri, amatha kulitenga kumunsi kwa msongolo womwewo kapena pachidendene.

Komatu tisanamizane, opaleshoni iliyonse ili ndi zovuta zake. Bala likhoza kutupa ndi magazi, likhoza kuchita mafinya, ndipo khungu la pafupi likhoza kuchita dzanzi. Mwa apo ndi apo msongolo umatha kusweka pomwe adaboolapo, makamaka munthu akalumpha kapena kusenza katundu wolemera msanga. Bambo wa malata uja sadaname kotheratu, kungoti adakuza chinthu chomwe chimachitika kamodzikamodzi.

Njirayi siyenera aliyense. Mwana amene akukulabe ali ndi malo okulira fupa pafupi ndi bondo pomwepo, ndiye madotolo amapapewa. Nkhalamba zimakhala ndi mafuta ambiri m'msongolo kusiyana ndi timaselo topanga fupa. Ndipo ngati mpata uli waukulu moti pakufunika chigamba cholimba chonyamula thupi, nsinjiro sizikwanira, dotolo amabwerera m'chiuno momwemo.

Ntchito yaikulu ili kwa inu

Dotolo amagwira ntchito yake maola awiri kapena atatu. Yotsalayo ndi yanu, ndipo apa ndi pomwe anthu a geni timagwera. Mukawotcherera pakakolo, kawirikawiri mumakhala masabata 6 kapena kuposerapo osaponda n'komwe, kenako masabata enanso mukuponda pang'onopang'ono ndi chikhakha kapena nsapato yapadera. Werengerani miyezi itatu, mwinanso kuposa, musanaime tsiku lonse pabenchi. Mukaponda msanga, nsinjiro zija zimagwedezeka, zitsulo zimatha kuthyoka, ndipo mubwereranso ku fiyeta kachiwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri ndi fodya. Kaya ndi ndudu, chingambwe kapena wapamphuno, fodya amafinya timitsempha ta magazi, ndipo osuta ndi omwe mafupa awo amakana kugwirana kawirikawiri. Ngati simungasiyiretu, siyani masabata angapo opaleshoni isanachitike mpaka fupa litapola. Odwala shuga aonetsetse kuti shuga wawo ali m'malo mwake, chifukwa amachedwetsa mabala ndi mafupa omwe. Amene mukumwa ma ARV musadukize, ndipo muuzeni dotolo mankhwala onse omwe mukumwa, achikuda omwe.

Chachitatu ndi chakudya. Simukusowa zodula. Usipa ndi matemba odya ndi minga yomwe, nyemba, mazira, mkaka, bonongwe ndi chisoso, kuotha kadzuwa ka m'mawa, zimenezi ndi zomwe fupa limafuna. Kachasu ndi mowa wa m'masacheti muyambe mwaziiwala.

Mukaona bala likutuluka mafinya, thupi likutentha, zala za kuphazi zikuzizira kapena kuda, chikhakha chikuthina kwambiri, kapena katumba watupa ndi kuwawa, musadikire tsiku lomwe adakulemberani. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Dziwaninso kuti kakolo wowotcherera sapindikanso monga kale. Kuyenda mumayenda, chifukwa timafupa tina ta phazi timathandizira, koma kunjuta kuchimbudzi, kutsika chitunda ndi kuthamangira minibasi zimavutirapo. Pakapita zaka, malo ena olumikizana mafupa a pafupi amatha kuyamba kuwawa chifukwa chosenza ntchito ya mnzawo. Chomwe mumagula ndi phazi loponda mowongoka, lopanda ululu uja.

Kopita ndi zofunsa

Poyambira ndi pachipatala cha boma cha m'boma lanu. Kuyambira m'chaka cha 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa makiliniko ofesala a za mafupa, ndipo ndi iwowa amene amaona anthu ambiri othyoka m'zipatala za m'maboma. Zikakula amatumiza ku zipatala zazikulu: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe komwe kulinso chipatala cha mafupa cha LION, Zomba Central ndi Mzuzu Central. Ana opunduka mapazi ndi miyendo amathandizidwanso ku Beit CURE ku Blantyre, chipatala chomwe chidatsegulidwa mu 2002.

Musanasaine kapena kudinda chala papepala lovomereza opaleshoni, muli ndi ufulu wofunsa, m'Chichewa, mpaka mutamvetsa. Funsani kuti fupalo alitenga pati ndipo chifukwa chiyani pamenepo. Funsani kuti mukhala masabata angati osaponda. Funsani chomwe chingachitike mukakana. Pemphani kuti akuonetseni chithunzi cha mafupa anu opaleshoni isanachitike komanso itachitika. Tengani m'bale wodekha mutu kuti mumvere limodzi. Ndipo musanagonekedwe, konzani za benchi: ndani akhalepo, ndani azikapikula, ndipo a kubanki m'khonde muwauze zoona zake nthawi ilipo.

Mathero a azakhali

Amene adawabweza azakhali kuchipatala ndi namwino wina wopuma pantchito yemwe amagula usipa pabenchi pawo. Adakhala nawo pansi ola lathunthu, adatenga fupa la nkhuku, adalithyola kumapeto n'kuwaonetsa zofewa za m'kati zija. Azakhali adangoti: "Kani ndi zimenezi? Nanga bwanji sadanene choncho poyamba paja?"

Poti adathawa, adayambiranso kumapeto kwa mzere wa odikira. Opaleshoni idachitika mu 2024. Ulendo uno chikhakha adachisunga mpaka dotolo adachichotsa yekha, ndipo mwana wawo wamkazi ndi amene adagwira benchi miyezi inayi. Lero amayenda opanda ndodo, ngakhale kuti potsika masitepe amapita cham'mbali. Pansi pa bondo pali kachipsera kochepa kuposa chala chawo chaching'ono, ndipo miyendo yonse iwiri ndi yofanana kutalika.

Mayi wa tomato uja amakanabe, ati iye fupa lake salola munthu kuligwira. Azakhali akamva zimenezi amangokweza chitenje mpaka pabondo, n'kuloza kachipserako, kenako n'kuponda pansi kawiri mwamphamvu ndi phazi lomwelo. Koma akakhala pawiri ndi ine amadandaula chimodzi: akadasunga chikhakha choyamba chija masabata ake onse n'kubwerera kukajambulitsa monga adawauzira, mwina za fiyeta sizikadafikako n'komwe.